Mutu 9: Matenda Akula

1. Tsiku la foni

Pakhomo pa a Arsenio Nakhumwa, m'mudzi wina kuseri kwa msika wa Limbuli, Lamulungu linali tsiku la foni. Akaweruka ku tchalitchi, bambowo ankavula jekete, n'kukhala pa njerwa pansi pa mtengo wa mapeyala, n'kuitana mwana wawo wamng'ono, Estele, kuti adzawagwirire batani. Iwo ankangolankhula basi. Zodinadina ankati n'za ana.

Uthengawo unkapita kwa Dyna, mwana wawo woyamba, amene anali ku Mozambiki, m'chigawo cha Nampula. Anapita ndi gulu la achinyamata odzipereka la bungwe lina la mpingo, kukathandiza pa kachipatala ka mumsasa wa anthu othawa nkhondo. Anamusankha chifukwa ankamva Chilomwe, ndipo Chimakuwa cha kumeneko sichinkamusokoneza kwenikweni.

Malipiro kunalibe. Koma womaliza chaka chathunthu ankapatsidwa kalata yomutsegulira khomo la sukulu ya unamwino. Dyna anali atatsala ndi masabata asanu.

Lamulungu limeneli njerwa ija inalipo, koma mwini wake kunalibe. A Arsenio anagwa Lolemba pamsika, akumanga matumba a chimanga pa njinga yawo ya kabaza. Mbali imodzi ya thupi inafa pomwepo. Lachitatu m'mawa anatsirizika ku chipatala cha ku boma. Lachisanu anaikidwa. Loweruka kunali kumeta.

Estele anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndi mwana kumsana. Sukulu anasiyira Fomu 2. Masiku onse a maliro iye sanalire. Anatunga madzi, anapempha nkhuni, anathyola nkhwani wodyetsa alendo, anayamwitsa mwana. Ena anati mtsikanayu ngolimba mtima, ena anati ngouma mtima. Iye ankawamva ngati akunena munthu wa mudzi wina.

Foni inali m'chitini chakale cha shuga, yozimitsa chiyambire Lolemba. Dyna sankadziwa kanthu.

2. Mawu a amalume

Anthu ambiri anali atabalalika. Amayi anali m'nyumba pamphasa, mutu wometa, akuyang'ana khoma. Chiikireni maliro sanatulutse mawu.

Amalume Winston, mchimwene wa amayiwo, ndiwo anali mwini mbumba. Anagwirapo ukapitawo pa esiteti ya tiyi zaka makumi awiri, ndipo ngakhale atapuma ankalankhulabe ngati akugawa mizere. Anamuona Estele akutsegula chitini chija, n'kumuitana. Estele anagwada chapatali.

"Ndikudziwa kuti lero ndi tsiku lolankhula ndi mkulu wako," anatero amalume. "Tchera khutu, chifukwa sindibwereza. Pa esiteti panali mnyamata wina wa ku Phalombe, wothyola tiyi bwino kuposa azimayi. Tsiku lina anamuimbira ali m'munda kuti amayi ake amwalira. Anataya dengu pomwepo n'kuyamba kuthamanga, mvula ili pakati. Anapeza mtsinje utadzaza. Anthu anamuuza kuti adikire madzi aphwe, iye sanamve, chifukwa munthu wouzidwa maliro makutu amakhala alibe. Tinamupeza patapita masiku atatu. Maliro amodzi anasanduka awiri, ndipo amene anaimba foni uja mpaka lero sayenda mowongoka.

"Tsono kuchokera ku Nampula si pano ndi pa boma. Ndi ulendo wa masiku, ino ndi Febuluwale, milatho ina madzi anatenga. Mwana wamkazi, yekha, mutu utazungulira. Ndipo akafika adzapeza chiyani? Mulu wa dothi. Mulu wa dothi suthawa, mwana iwe. Adzaupeza ngakhale pa Epulo. Koma kalata ija akaisiya, yapita. Bambo ako omwe, pakamwa patakhota kale, ananena kuchipatala kuti musamusokoneze mwanayo. Ine ndinalipo.

"Umuuze kuti bambo apita ku Milanje, kutsidya kwa malire, kukasaka chimanga, achedwako. Sabata yamawa tidzapeza china chonena. Masabata asanu si chaka."

Anayang'ana kamutu ka mwana kamene kankasuzumira paphewa pa Estele, n'kuwonjezera kuti nyumba ino inataya kale sukulu imodzi, isatayenso yachiwiri.

Estele anati wamva. Anadzuka, n'kukulunga foni pansonga ya chitenje.

3. Mawu a azakhali

Kuseri kwa nyumba, azakhali Beatriz ankakwecha ndi mchenga mapoto obwereka ku mpingo. Iwo anali mlongo wa malemu, ndipo anabwera kuchokera ku Milanje, kumene ankagulitsa nsomba zouma. Makutu awo sankaphonya kanthu. Anamukankhira Estele poto mmodzi osamuyang'ana.

"Akapitawo amaliza kugawa ntchito?" anafunsa.

Estele anakhala pansi n'kuyamba kukwecha.

"Mentira, mwana wanga. Bodza limenelo," anatero azakhali. "Ine ndi bambo ako tinaoloka kubwera kuno nthawi ya nkhondo, ine ndili msinkhu wakowu. Amayi athu anatsala kwathu, miyendo inali itatupa. Anamwalira mwezi womwewo. Anthu obwera pambuyo pathu ankadziwa onse. Anagwirizana kuti ine ndisauzidwe, ndingachite misala. Miyezi isanu ndi itatu ine ndikusunga chitenje chimene anatigawira mumsasa, osachivala, ati ndidzapatse amayi. Ndikachiyanika padzuwa, azimayi ankati chokongola, adzasangalala nacho.

"Tsiku limene ndinamva, imfayo sinandipweteke kwambiri. Munthu amafa. Chinandipweteka ndi nkhope. Ndinayamba kukumbukira aliyense amene ndinadya naye, amene ndinaseka naye, iye akudziwa. Alipo mayi wina ku Muloza, pamalire paja, wakalamba tsopano, mano anatha. Mpaka lero ndikakumana naye ndimayang'ana kumbali. Ukufuna Dyna adzakuyang'ane choncho iwe? Amalume ako sadzawada, iwo ndi akulu. Adzada amene ankagwira foni.

"Zoti bambo ako anakaniza, anakaniza za matenda. Za maliro awo akananena bwanji, munthu ali moyo? Ndipo zinthu zina sizibisika. Iwe mimba ija unaimanga ndi nsalu miyezi isanu, inabisika? Siuyu akudya chala kumsanaku?"

Estele anafunsa kuti nanga anene chiyani, poti za mtsinje zija nazonso n'zoona.

Azakhali anati makolo anasiya kale njira yake. Munthu wakutali samuponyera maliro ngati mwala. Amangomuuza kuti matenda akula, bwerani. Wobadwira kuno aliyense amadziwa tanthauzo lake. Amamanga katundu mwakachetechete, amalira pang'onopang'ono m'njira, ndipo pofika pakhomo mtima umakhala utafewa kale.

Estele anatsuka m'manja, anakonza duku, n'kuuyamba wa ku Limbuli kukatchaja foni.

4. Pakhonde pa shopu

Anadikira pafupifupi ola pakhonde pa shopu yotchajitsa mafoni. Akabaza awiri, anzawo a malemu, anaima n'kumupepesa. Iye anayankha zimene munthu amayankha. Batire itafika theka anagula bandulo, n'kukakhala kumapeto kwa khonde, kumene kunalibe anthu.

Foni inanjenjemera kakhumi ndi kamodzi. Onse anali mauthenga a Dyna. Panali chithunzi cha khanda lobadwira mumsasa limene analitcha dzina lake. Panali dandaulo loti nyemba za kumeneko n'zofumbwa. Uthenga wa Lachisanu unkafunsa ngati foni anaigulitsa n'kugula utaka. Wa m'mawa womwewo unkati: "Este, auze ababa asatalikitse lero ngati abusa, ndili ndi odwala ambiri."

Estele anagwira batani lojambula mawu. Anafufuta. Anayesanso kawiri, ndipo foni inangojambula phokoso la njinga zamoto.

Kenako analemba ndi chala: "Achemwali, kuno matenda akula. Ababa."

Panatsala liwu limodzi. Analilemba, *bwerani*, n'kuliyang'ana. Anakumbukira mnyamata wa ku Phalombe ndi milatho yokokoloka. Analifufuta n'kutumiza zotsalazo. Ankaganiza kuti watenga nzeru ya azakhali n'kusiyako choopsa chake. Sanadziwe kuti m'mawu amenewa maliro amakhala mu *bwerani*. Ukachotsamo liwu limenelo, chotsala ndi matenda basi.

Pasanathe mphindi foni inalira, ya vidiyo. Estele anagwira duku lake, pansi pake pali tsitsi lodula dzulo, n'kukana foniyo. Analemba kuti bandulo ndi yochepa.

Mauthenga a mawu anayamba kugwa ngati matalala. Dyna sankalira. Ankalankhula mofulumira, ndi mawu amene Estele anali asanawamvepo, mawu a munthu wozolowera odwala. Anafunsa kuti zinayamba liti. Estele analemba kuti Lolemba. Anafunsa ngati anagwa, ndiponso mbali imene yafooka. Estele analemba kuti anagwa, kumanja. Anafunsa ngati anapita nawo kuchipatala. Eya. Ali kuti pano? Tinabwera nawo kumudzi.

"Akulankhula?"

"Sakulankhula."

Yankho lililonse linali loona. Estele ankangoona chala chake chikuyenda.

Dyna anati imeneyo ndi sitiroko, ndipo anayamba kupereka malangizo. Awagoneke chammbali. Aziwatembenuza pakatha maola awiri alionse kuti asachite zilonda. Asawamwetse phala atagona chagada, angatsamwe. Aziwongola zala za dzanja lofookalo m'mawa ndi madzulo. Anakalipa pang'ono kuti n'chifukwa chiyani anamubisira sabata yathunthu, ngati iye ndi mlendo. Kenako anafewa, n'kunena kuti mumsasa muli agogo ena amene anagwa chimodzimodzi, koma pano akuyenda ndi ndodo mpaka kukatunga okha madzi.

Uthenga womaliza unali wautali, wa mphindi ziwiri. Pansi pake analemba kuti: "Uwu si wako. Ukawaikire pakhutu lakumanzere, ndi limene likumva bwino. Kuyambira lero uzindiuza tsiku ndi tsiku mmene agonera."

Estele analemba kuti chabwino.

5. Pa kalavati

Njira yobwerera inkadutsa m'mphepete mwa munda wa tiyi. Dzuwa linali paliwombo, phiri litavala mtambo mbali imodzi. Mwana anayamba kuvuta. Estele anakhala pa kalavati, pamene ngalande imadutsa pansi pa msewu, n'kumupatsa bere.

Anatulutsa foni. Khutu loti aikepo uthengawo kunalibe. Anauika pa lake.

"Moseliwa, ababa," anayamba motero Dyna, ndi moni wa m'mawa wa Chilomwe. "Ndikudziwa kuti ndi masana, koma wodwala kwake kumacha nthawi iliyonse. Ndamva kuti mwagwa. Inu amene mumakweza matumba atatu pa Muloza osatsika njinga, mwagwa pamalo oti see? Musachite manyazi, zimachitika. Tsono mumvere Este. Ndikudziwa kuti mumati ndi wouma mutu, koma manja ake ndi abwino kuposa anga. Akakupatsani phala mumeze, musamulavulire.

"Ine sindithawa kuno. Munati ndikabwera wopanda kalata mudzandibweza pa geti, ndiye ndimaliza. Masabata asanu okha, ababa. Ndifunsa anamwino andiphunzitse zowongola miyendo, ndizidzakuyendetsani ndekha mpaka pamsika. Inu ntchito yanu ndi imodzi, kundidikira."

Uthenga unatha. M'ngalande madzi ankayenda. Mwana anasiya bere n'kugona.

Estele anawerenga ndi zala. Masabata asanu ndi masiku makumi atatu ndi asanu. Tsiku lililonse adzafunika kunena kuti ababa ameza masipuni angati, agonera mbali iti, chala chagwedera kapena ayi. Adzafunika kuwachiritsa pang'onopang'ono, kapena kuwadwalitsa pang'onopang'ono. Ndipo kutsidyako munthu adzakhala akuphunzira kuwongola miyendo imene ili kale pansi pa dothi.

Za ku Milanje zija zikanakhala bodza la Lamulungu lokha. Ili linali la tsiku ndi tsiku, ndipo analiumba yekha.

Anapukuta foni pa chitenje, n'kugwira batani. Mawu ake anatuluka owongoka ngati akuwerenga mayina m'kalasi.

"Achemwali, ndine Estele. Ndakunamizani. Ababa anamwalira Lachitatu m'mawa ku boma. Tinaika Lachisanu, pafupi ndi agogo. Dzulo tameta. Sanavutike nthawi yaitali. Amayi alipo, sakudya bwino koma alipo. Amalume anati ndisakuuzeni, azakhali anati ndikuuzeni mozungulira, ine ndasokoneza zonse ziwiri. Musabwere. Kuno kulibe chothamangira, zonse tachita. Mumalize. Uthenga wanu uja ndamvera ine, pepani."

Anachotsa chala. Kachizindikiro kochonga kanaoneka kamodzi, kenako tiwiri, kenako tinasanduka tabuluu. Pamwamba panaoneka kuti Dyna akulemba. Zinasiya. Zinayambanso, n'kusiyanso.

Estele anadikira mpaka mthunzi wa tiyi unafika pamapazi ake. Palibe chinabwera. Anayesa kuimba, foni inangolira osayankhidwa. Anabereka mwana n'kupitiriza ulendo.

6. Nambala yachilendo

Atafika pakhomo, amalume anafunsa ngati walankhula naye. Estele anati walankhula naye. Anafunsanso ngati wanena za ku Milanje. Estele anati mapoto a mpingo akufunika kubwezedwa lero, n'kupita kuseri. Azakhali anamuyang'ana kumaso nthawi yaitali.

Anabweza mapoto. Anasesa phulusa pamene panali moto wa maliro. Anazula mitengo imene anamangira chisakasa cha alendo n'kuiunjika pambali pa khola. Analowetsa phala kwa amayi, n'kulitulutsa momwe analilowetsera. Foni sanaibwezere m'chitini. Inali pansonga ya chitenje, ikumugunda pantchafu akamayenda.

Inalira dzuwa litapendeka, onse ali pabwalo. Nambala inali ya ku Mozambiki, koma sinali ya Dyna.

Anali mayi wachikulire, wolankhula Chichewa cha ku Tete. Anati dzina lake ndi Elena, ndiye woyang'anira gulu la achinyamata odzipereka, ndipo nambalayi waipeza pa fomu ya Dyna. Foniyo inali yaphokoso, moti aliyense pabwalopo ankamva.

Mayiyo anati Dyna sanabwere ku ntchito ya masana. Anzake atapita kukamuona anapeza chikwama chake palibe, yunifolomu ataipinda bwinobwino pabedi. Mlonda wa pageti anamuona akukwera lole ya makala yolowera chakumwera. Foni yake pano ndi yozima. Ndipo chimene chinkawadetsa nkhawa kwambiri n'choti pasipoti yake inali mu ofesi, m'kabati mmene amasungira mapepala a onse. Mtsikanayo anali pamsewu m'dziko la eni wopanda chikalata chilichonse.

"Kodi kwanuko kwachitika chiyani?" anafunsa mayi Elena. "Alipo amene wamuuza kanthu?"

Azakhali anakhala pansi pomwe anaimapo. Chitseko cha nyumba chinalira, ndipo amayi anaonekera pakhomo, atagwira felemu ndi manja awiri. Kanali koyamba kutuluka chiikireni maliro.

Amalume Winston anadzuka pang'onopang'ono. Sanakalipe. Anangotambasula dzanja kuti apatsidwe foni, monga mwini mbumba.

Estele analiyang'ana dzanjalo. Anasuntha mwana kumsana, n'kusinthira foni kukhutu lina.

"Ndine Estele, mng'ono wake," anatero. "Ndamuuza ndine. Bambo athu anamwalira. Tandiuzani, mayi, lole za makala zikachoka kumeneko zimakagona kuti, ndipo kuchokera pa Muloza ndingakwere chiyani kuti ndikafikeko?"